Mmene Anthu Adaphunzirira Kumvetsera Mwana Asanabadwe

Amayi anzathu, ambiri a ife tidagonapo chagada pa kabedi ka ku sikelo, namwino atatsamiza kalipenga ka mtengo kapena ka chitsulo pamimba pathu, khutu lake lili kumapeto kwa kalipengako, maso ali pa wotchi. Tikatuluka timangoti "andipima", n'kumanga nsalu, ulendo wa kunyumba. Koma kalipenga kameneka kali ndi mbiri yake, ndipo si yakale monga tingaganizire. Chaka cha 1818 chisanafike, panalibe mzamba kapena dokotala, ngakhale wa ku nyumba ya mfumu ku Ulaya, amene pa ntchito yake ankamvetsera mtima wa mwana ali m'mimba.

Agogo athu sadali osadziwa kanthu ayi. Anamkungwi ndi azamba a m'mudzi adali ndi manja, maso, ndi mawu a mwini mimba. Ndi manja ankafufuza kumene kuli mutu, nadziwa ngati mwana wagona mopingasa. Ankafunsa kuti, kodi akusewera? Mayi wa mimba yoyamba amayamba kumva kusewerako pa miyezi ngati 5, pamene ntchembere imene idaberekapo imamva msanga pang'ono. Ngakhale nkhani za Rebeka ndi Elizabeti m'Baibulo zikutionetsa kuti kuyambira kalekale chizindikiro cha moyo wa mwana chidali kutakataka kwake. Nsupa ikasweka, azamba ankayang'ananso madzi amene atayika pa mphasa kuti aone maonekedwe ake.

Koma matenda akafika pachimake, mayi sathanso kusiyanitsa kusewera kwa mwana ndi ululu wake. Kuyambira pamenepo kufikira mwana atatuluka, onse m'nyumbamo ankangodikira osadziwa ngati m'katimo muli moyo. Tsono popeza sankatha kuona m'kati, ankafuna chifukwa kunja. Matenda akatalika, ankamupanikiza mayi kuti aulule amuna amene adayenda nawo, kapena ankati mwamuna wake ndiye sadadzisunge. Mwana akabadwa wakufa, amayi okhaokha ankakamuika mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. Dzina lomwelo lakuti mtayo likunena zonse. Ife amene timayendera odwala ndi oferedwa tikudziwa kuti mayi wotere amakumbukira mwanayo mpaka imvi, ndipo amadziwa zaka zimene akadakhala nazo lero.

Kusintha kudayambira ku Paris, m'dziko la France, mu 1816, ndipo sikudayambe ndi amayi oyembekezera. Dokotala René Laennec adali ndi wodwala mtima, mtsikana wonenepa. Masiku amenewo dokotala ankachita kugunditsa khutu pachifuwa cha wodwala, koma Laennec adachita manyazi. Adatenga mapepala, nawapinda ngati chitoliro, mbali ina naika pachifuwa cha mtsikanayo, ina kukhutu kwake. Adadabwa kumva mtima ukugunda momveka bwino kuposa kale. Pambuyo pake adasema cha mtengo. Chija amakoleka m'khosi madokotala lero chidachokera pamenepo.

Mu 1818, dokotala wina wa ku Geneva, François Mayor, adagunditsa khutu pamimba pa mayi woyembekezera namva mtima wa mwana. Koma amene adaifalitsa nkhaniyi ndi bwenzi lake la Laennec, dzina lake Kergaradec. Chokondweretsa n'chakuti iyeyu sankafuna mtima ayi. Ankafuna kumva ngati madzi a m'nsupa amachita phokoso mwana akamasewera. Madziwo sadawamve. M'malo mwake adamva kugunda kofulumira ngati kwa wotchi ya pamkono ili pansi pa pilo, kosagwirizana ndi mtima wa mayi. Adauza madokotala anzake ku Paris kumapeto kwa chaka cha 1821, ndipo zimene adapezazo zidasindikizidwa mu 1822. Iye adaona kuti ndi njira imeneyi munthu angathe kutsimikiza kuti mimba ilipodi, kuti mwana ali moyo, kuti mwina ndi mapasa, ndipo adaganiza kuti kusintha kwa kagundidwe kungathe kuonetsa ngati mwana ali bwino kapena akuvutika.

Apa tiime pang'ono, chifukwa zonse zotsatira zatsamira pamenepa. Mtima wa munthu wamkulu umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi imodzi. Wa mwana wosabadwa umathamanga, ka 110 mpaka ka 160. Mwanayo sapuma ndi mphuno. Mpweya wake umachokera m'magazi a mayi, kudzera mu nsengwa ndi chingwe cha mchombo. Chiberekero chikakunga pa nthawi ya matenda, mitsempha ya ku nsengwa imafinyika, ndipo kwa kanthawi mwana amakhala ngati munthu amene wamira pansi pa madzi atagwira mpweya. Mwana wamphamvu amapirira, ndipo kukungako kukatha mtima wake umakhala pamalo pake. Koma amene watopa, mtima wake umatsika n'kumachedwa kubwerera. N'chifukwa chake namwino wodziwa ntchito samvetsera nthawi ina iliyonse. Amadikira kuti mimba ikunge, namvetsera kufikira itamasuka ndi kupitirira pang'ono, nthawi zina dzanja lina atagwira pamkono pa mayi kuti asasokoneze mitima iwiriyo.

Madokotala ambiri adanyoza poyamba. A ku Dublin, m'dziko la Ireland, ndiwo adalandira msanga. Mu 1833 Evory Kennedy wa pa chipatala cha Rotunda adalemba buku lonse la kumvetsera mimba, ndipo adanenanso kuti chimbudzi cha mwana chikaoneka m'madzi chingathe kukhala chizindikiro chakuti mwanayo ali pa mavuto.

Kalipenga kamene timakadziwa ife kadabwera mu 1895, ndipo mwini wake adali Adolphe Pinard, wa ku Paris komweko. Mpaka lero anamwino amakatchula dzina lake. Munthu ameneyu ife timamuyamikira pa zinthu zinanso. Mu 1878 adalemba buku lophunzitsa kufufuza mimba ndi manja, monga ankachitira agogo athu, koma mwa dongosolo. Adaonanso kuti amayi osauka a mu mzinda amene ankagwira ntchito yakalavulagaga mpaka tsiku la matenda ankabereka ana ochepa thupi, pamene amene adapatsidwa malo opumulirako masabata omaliza ankabereka ana olemera bwino. Abambo amene amasiyira mayi wa miyezi 9 khasu ndi mtolo wa nkhuni akadamva zimenezi. Ku Edinburgh, m'dziko la Scotland, dokotala John Ballantyne adadandaula mu 1901 kuti zipatala zimangolandira mayi matenda atayamba kale, ndipo chaka chomwecho adapatsidwa bedi limodzi lokha losungirapo oyembekezera odwala. Sikelo yathuyi mizu yake ndi imeneyo. Kuno kwathu kalipengako kadafika m'manja mwa masisitere ndi madokotala, ndipo ana athu aakazi adaphunzira kukagwiritsa ntchito m'sukulu za uzamba za pa mishoni monga Nkhoma, Mulanje, Ekwendeni ndi Malosa, ndi m'zipatala za boma. Sikafuna magetsi, sikafuna batire, kakagwa pansi amangokatola n'kukapukuta.

Tsopano tinene za madzi aja adalephera kuwamva Kergaradec. Ambiri timangowadziwa pa tsiku limene atayika, koma ali ndi ntchito yaikulu miyezi yonse. Amateteza mwana mayi akagwa kapena akagundidwa. Amamusunga wofunda. Amamupatsa malo otambasulira manja ndi miyendo kuti ziwalo zikule zowongoka. Amateteza chingwe cha mchombo kuti chisapanikizike. Mwana amawakokeranso m'mapapo ndi kuwatulutsa, ndipo popanda kutero mapapowo sakula. Chimene chimadabwitsa amayi ambiri n'chakuti kuyambira pakati pa mimba, madziwa mbali yaikulu ndi mkodzo wa mwana yemweyo. Amakodza, nameza, nakodzanso. Musanyansidwe, si mkodzo wonunkha ngati wa mwana wobadwa, pakuti zoipa za m'magazi ake zimachoka kudzera mu nsengwa. Pa masabata 34 madziwa amakwana mamililita ngati 800, ndiye kuti mabotolo a Fanta atatu osadzaza bwino, ndipo pofika masabata 40 amatsika kufika ngati 600.

Popeza madziwo amachokera kwa mwana, kuchuluka kwake kumanena za mwanayo. Nsengwa ikayamba kufooka, monga zimachitikira kwa mayi wothamanga magazi kapena amene masiku ake apitirira kwambiri, thupi la mwana limatumiza magazi ochepawo ku ubongo ndi ku mtima, impso n'kumanidwa. Mkodzo umachepa, madzi nawonso amachepa. Zili ngati m'chaka cha njala, pamene mayi amayamba wagawira ana aang'ono, akuluakulu n'kugona ndi njala. Madzi amathanso kuchepa chifukwa nsupa yaboola pang'ono ndipo ikudontha, kapena impso za mwana sizidapangike bwino. Akachuluka mopitirira, mimba imachita kunyezimira, mayi amapuma movutika, ndipo namwino amavutika kupeza mutu ndi msana wa mwana. Zimenezi zimaoneka kawirikawiri kwa mayi wa matenda a shuga, pa mapasa ena, kapena pamene mwana akulephera kumeza. Mwana wotere amayandama osakhazikika, ndipo nsupa ikasweka mwamphamvu chingwe cha mchombo chingathe kutsogola.

Za maonekedwe ake, madzi abwino ndi oyera kapena otuwa pang'ono ngati madzi otsukira mpunga. Obiriwira ndiye kuti mwana wachita chimbudzi m'kati. Sikuti nthawi zonse ndi tsoka, pakuti mwana wokhwima bwino, makamaka wopitirira masiku, amatha kutero popanda vuto. Koma akakhala olimba ngati phala kapena therere, ndiponso mtima ukutsika, mwanayo ayenera kutuluka msanga, chifukwa akakokera zimenezo m'mapapo amabadwa wobanika. Madzi a magazi angathe kutanthauza kuti nsengwa yayamba kuchoka nthawi isanakwane. Onunkha ndiye kuti tizilombo talowa, ndipo n'chifukwa chake mayi amene nsupa yasweka koma papita maola 18 asanachire amapatsidwa mankhwala opha tizilombo.

Kwa zaka zambiri kuchuluka kwa madzi ankangokuyerekeza ndi manja ndi tepi, yonga ya telala, imene amayeza nayo kuchokera pa fupa la pachinena kufika pamwamba pa chiberekero. Kuyambira masabata 24, masentimita amayenera kulingana ndi masabata a mimba, kusiyana kwake kusapitirire 2 kapena 3. Kuona m'kati kwenikweni kudayambira ku Glasgow. Dokotala Ian Donald adatumikira ku gulu la ndege za nkhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndipo ankadziwa za makina amene amatumiza mawu namvetsera kubwerera kwake, monga mawu athu amabwerera tikafuula pafupi ndi phiri. Amisiri a m'mafakitale ankagwiritsa ntchito makina otere pofufuza ming'alu m'zitsulo. Mu 1955 Donald adanyamula m'galimoto zotupa zimene adachotsa kwa odwala pa opareshoni, napita nazo ku fakitale ya Babcock & Wilcox ku Renfrew kukayesa ngati makinawo angasiyanitse chotupa cha madzi ndi cha mnofu. Adasiyanitsadi. Mothandizana ndi mmisiri wachinyamata Tom Brown ndi dokotala John MacVicar, adapanga makina oyenera chipatala, ndipo adalengeza zotsatira zake mu 1958, chaka chomwe chipatala cha Queen Elizabeth chidatsegulidwa ku Blantyre. Imeneyo ndiyo sikani. Pa chithunzi chake madzi amaoneka akuda, mafupa oyera. Mu 1987 dokotala Phelan ndi anzake ku America adaonetsa njira yogawa mimba panayi, kuyeza kuya kwa madzi mbali iliyonse ndi kuphatikiza. Zikachepera masentimita 5 amati madzi achepa.

Mu 1958 momwemo, Edward Hon, wobadwira ku China, wokulira ku Australia, amene ankagwira ntchito ku Yale ku America, adaonetsa makina olemba mtima wa mwana pa pepala mosalekeza. Ku Uruguay Roberto Caldeyro-Barcia ankafufuza zomwezo, ndipo ku Germany Konrad Hammacher pamodzi ndi kampani ya Hewlett-Packard adatulutsa makina ogulitsa mu 1968. Mayi amamumanga malamba awiri pamimba, lina lomvera mtima, lina lomvera kukunga. Zipatala za mayiko olemera zidagula makinawa mothamanga, pokhulupirira kuti imfa za ana pobadwa ndi kulumala kwa ubongo zitha.

Sizidatero. Ku Dublin adayesa pa amayi pafupifupi 13,000, ena pa makina, ena kuwamvetsera ndi khutu nthawi ndi nthawi, ndipo zotsatira zidatuluka mu 1985. Ana ophiriphitha ngati a khunyu atangobadwa adachepa mbali ya makina, koma chiwerengero cha ana akufa sichidasiyane, ndipo atawatsatira anawo kwa zaka zingapo, olumala ubongo sadasiyanenso. Kafukufuku wa m'malo ena adaonetsa kuti makinawa amachulukitsa maopareshoni, chifukwa pepala likangokhota pang'ono madokotala amachita mantha. Kwa mayi wa kumudzi amene mimba yotsatira adzakhala kutali ndi chipatala, chipsera cha pa chiberekero si chinthu chochepa. N'chifukwa chake bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi wabwinobwino azingomumvetsera nthawi ndi nthawi, makina a malamba akhale a amene ali ndi vuto. Koma tisaiwale chinthu chimodzi. Pa chipatala cha ku Dublin chija mayi aliyense adali ndi namwino wakewake pambali pake. Khutu lidafanana ndi makina chifukwa mwini khutu sankachoka.

Chida chimene chidathandiza kwambiri kuno ku Africa sichidali cha magetsi, chidali pepala, ndipo chidabadwira pafupi pompano, ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, mzinda umene abale athu ambiri ankakhalako pa ntchito ndi mabanja awo. Mu 1954 Emanuel Friedman wa ku America adali atajambula kale mmene khomo la chiberekero limatsegukira ora ndi ora. Pulofesa Hugh Philpott adali ndi vuto lina. Madokotala adali ochepa, amayi ambiri ankachirira m'timakiliniki ta m'malokeshoni m'manja mwa azamba okhaokha, ndipo ovutika ankafika ku chipatala chachikulu mochedwa, mwana atafa kale, mwina chiberekero chitang'ambika. Mu 1972 iye ndi mnzake Castle adatulutsa pepala limodzi lolembapo zonse za matenda a mayi. Pakati pake adajambula mizere iwiri yopendekera. Woyamba ndi wochenjeza, woyerekeza kuti khomo lizitseguka sentimita imodzi pa ora. Mayi akaudumpha, mzamba wa ku kiliniki ayambe kufuna galimoto. Wachiwiri uli maola 4 patsogolo pake, ndipo mayi akafika pamenepo ayenera kukhala ali kale pamene pali dokotala wochitapo kanthu. Maola 4 amenewo ndi a ulendo.

Pamwamba pa pepalalo ndi pa mwana. Mtima wake ulembedwe mphindi 30 zilizonse. Pansi pake pali timabokosi ta madzi, ndipo amene adaonapo pepala lawo adaona zilembo izi: I ndiye kuti nsupa sidasweke, C madzi ndi oyera, M muli chimbudzi, B muli magazi. Palinso polemba ngati mafupa a mutu wa mwana ayamba kukwerana, chimene chimaonetsa kuti njira yamuchepera. Taonani, kuchedwa kwa matenda kuja ankakuimbira mlandu mayi wosalakwa, apa kukuoneka poyera kuti ndi mutu waukulu, chiuno chaching'ono, kapena chiberekero chofooka. Pepalali lidafika m'zipatala za ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 zomwezo. Pambuyo pake WHO idaliyesa pa amayi oposa 35,000 ku Indonesia, Malaysia ndi Thailand, ndipo mu 1994 idalengeza kuti matenda otalika adachepa pafupifupi ndi theka, ana ofera m'mimba pa nthawi ya matenda nawonso adachepa.

Pepala lomweli limaulula za mwanamphepo. Amayi anzathu, tisabisane. Alipo apongozi ndi azakhali amene amalowa nawo mankhwalawa mu wodi atawathira m'phala kapena mu tiyi, poti mwana wawo achire msanga. Amatero chifukwa cha chikondi, koma mankhwalawa alibe muyeso. Chiberekero chimakunga mosalekeza, osapatsa mwana mpata uja wopumira pakati. Namwino amaona kukunga kwachuluka, mtima watsika, madzi abiriwira, ndipo akafunsa onse amakana kuti sadampatse kanthu.

Ku Harare komweko kudachitikanso kafukufuku wina amene adatuluka mu 1994, wotsogozedwa ndi dokotala Mahomed, pa amayi 1,255 amene mimba zawo zidali ndi chiopsezo. Nthawiyi kudali kutabwera kamakina ka m'manja ka batire kotchedwa Doppler, kamene kamatulutsa kugunda kwa mtima mokweza kuti ndi mayi yemwe amve. Pa amayi 100 aliwonse, makina a malamba adapeza vuto la mtima pa 54, Doppler pa 32, kalipenga m'manja mwa mzamba amene adapatsidwa ntchito yokhayo pa 15, ndipo kalipenga komweko m'manja mwa mzamba wa pa dyute wotanganidwa ndi amayi ena pa 9 pokha. Doppler ndi yabwinodi, ndipo ikadakhala paliponse. Koma ife chimene chatigwira mtima ndi 15 ndi 9. Chida chimodzimodzi, maphunziro amodzimodzi, kusiyana kwake ndi nthawi. WHO imati mtima umvedwe mphindi 15 mpaka 30 zilizonse matenda akalimba, ndipo mphindi 5 zilizonse mayi akayamba kukankha. Namwino mmodzi wa usiku, amayi asanu akubuula, wina akutaya magazi, angathe bwanji? Pena pepala lija limadzazidwa mwana atabadwa kale, ndipo pamenepo silinathandize munthu. Mu 2020 mabungwe a United Nations adalengeza kuti ana pafupifupi 2 miliyoni amabadwa akufa chaka chilichonse, mmodzi pa masekondi 16 aliwonse, ndipo oposa 40 pa 100 aliwonse amafa matenda atayamba kale, ndiye kuti adalowa m'matenda ali moyo.

Madokotala adabwereranso ku funso la agogo lija lakuti, kodi akusewera? Mu 1976 a ku Cardiff, m'dziko la Wales, adatulutsa njira yakuti mayi aziwerenga kusewera kwa mwana kufikira ka 10, nalemba nthawi imene kwakwanira. Masiku ano ambiri amalangiza kuti mayi adziwe chizolowezi cha mwana wake, ndipo chikasintha apite tsiku lomwelo. Mawu aja timauzana pa chitsime akuti mwana akayandikira kubadwa amasiya kusewera chifukwa malo achepa, si oona. Kasewero kamasintha, m'malo momenya amajinyuka ndi kukankha, koma saleka. Mwana amene wangoti zii akusunga mphamvu chifukwa mpweya ukumuchepera, ndipo mayi ndiye woyamba kudziwa, makina onse asanadziwe.

Za azamba a m'mudzi tingonena mwachidule. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ambiri adaphunzitsidwa ndi kupatsidwa zipangizo. Mu 2007 boma lidawaletsa kubereketsa, mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adanena kuti chiletsocho chichoke, ndipo kuyambira 2012, pa nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, nkhani ya uchembere wabwino idalimbikitsidwa ndi mafumu, nyumba za chidikiro zidamangidwa pa zipatala zingapo. Mzamba wa m'mudzi angathe kumva mtima ukutsika, koma alibe chipinda cha opareshoni, ndipo ngolo kapena njinga siithamanga ngati mtima wa mwana.

Mu 2016 WHO idasintha malangizo a sikelo kuchoka pa maulendo 4 kufika pa 8, ndipo maulendo ambiri owonjezerawo ali m'miyezi itatu yomaliza, pamene nsengwa imatha kufooka mwakachetechete. Idatinso mayi aliyense aunikidwe pa sikani kamodzi asanakwane masabata 24, makamaka kuti masiku ake adziwike bwino, pakuti popanda kudziwa masiku palibe amene anganene kuti mwana wachepa kapena mimba yapitirira. Mu 2020 idatulutsa pepala latsopano lolowa m'malo mwa la Philpott. Mzere wa sentimita imodzi pa ora udachoka, chifukwa kudapezeka kuti amayi ambiri abwinobwino amatseguka pang'onopang'ono kuposa pamenepo. Mtima wa mwana ndi madzi zidatsala pamalo pake. Ndipo pamwamba penipeni adaikapo mzere watsopano wofunsa ngati mayi ali ndi womuperekeza pambali pake, ngati wamwa madzi, ngati akuyendayenda.

Woperekezayo kawirikawiri ndife, amayi ake, apongozi, kapena mnansi. Namwino adzatifunsa kuti matenda adayamba nthawi yanji, nsupa idasweka nthawi yanji, madzi adali otani, ndipo mwana adasewera komaliza liti. Nsupa ikaswekera kunyumba tiyang'ane nthawi, ndipo nsalu imene yanyowayo tisaichape, tiike m'pepala la pulasitiki tipite nayo kuti namwino akaone yekha mtundu wake. Ngati chingwe cha mchombo chaonekera kunja, tisachikoke kapena kuchibweza. Mayi agwade, chifuwa chigunde pansi, chiuno chikhale m'mwamba kuti mutu wa mwana usachipanikize, ndipo m'galimoto agone chammbali titamuikira mitsamiro kapena zofunda pansi pa chiuno kufikira titafika.